Mlingo wa madzi a suweji otayidwa mumtsinje: zofunika kumvetsa Mzuzu isanakulitse malo oyeretsera

Pa kalembera wa 2008 mzinda wa Mzuzu unali ndi anthu pafupifupi 134,000, koma pofika pa kalembera wa 2018 chiwerengerocho chinali chitadutsa 220,000. Gawo lalikulu la madzi amene bungwe la Northern Region Water Board limapereka kuchokera m'damu la Lunyangwa limasanduka madzi oipa tsiku lomwelo, anthu akangosamba, kuchapa, kutsuka mbale ndi kupita kuchimbudzi. Mbali yaikulu ya mzindawu ilibe mapaipi a suweji. Mabanja ambiri ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, Chiputula ndi Masasa amadalira zimbudzi zokumba, amene ali ndi zimbudzi zamadzi amadalira matanki okwiriridwa pansi, pomwe mabungwe ena akuluakulu ali ndi maiwe awoawo oyeretsera suweji. Zimene galimoto zopopa zimbudzi zimachotsa m'matanki ndi m'maenje zimayenera kukatayidwa ku maiwe a khonsolo a ku Nkhorongo. Mzinda umene ukukula motere sungakhale choncho mpaka kalekale, ndipo tsiku limene malo oyeretsera suweji adzakulitsidwe kapena kumangidwa atsopano, nkhani yoyamba sidzakhala ya simenti kapena mapaipi, koma ya mlingo wa uve umene madzi otuluka m'malowo adzaloledwe kukhala nawo polowa mumtsinje.

Palibe malo oyeretsera suweji amene amatulutsa madzi opanda kanthu kalikonse. Chimene lamulo limachita ndi kuika malire: litsiro lamtundu wakuti lisapitirire mlingo wakuti pa lita imodzi ya madzi. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa mabungwe angapo. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ndilo limalemba milingo, ndipo muyezo wa MS 691 umakhudza madzi a suweji ya m'nyumba, pomwe wa MS 539 umakhudza madzi ochokera m'mafakitale. Lamulo la zamadzi la Water Resources Act la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka chilolezo kwa aliyense wofuna kutayira madzi oipa mumtsinje kapena m'nyanja. Lamulo la zachilengedwe la Environment Management Act la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene limaonetsetsa kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi isanayambe pachitike kauniuni wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu.

Nambala imene akatswiri amayamba kuyang'ana ndi ya BOD, yosonyeza kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni umene umatha m'madzi uve ukamawola. Ndowe, zotsalira za chakudya ndi zina zotha kuwola zikalowa m'madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba kuzidya, ndipo pozidya timagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni umene uli m'madzimo, womwenso nsomba, nkhanu ndi zamoyo zina zimapuma. Poyeza, wa mu labotale amathira madzi oyesedwawo m'botolo lotseka bwino, amayeza okosijeni amene alimo, kenako amaliika mumdima pa kutentha kwa madigiri 20 kwa masiku asanu, n'kuyezanso. Okosijeni amene wasowa ndiye BOD. Suweji yosayeretsedwa ya m'tauni kawirikawiri imakhala ndi BOD ya pakati pa mamiligalamu 200 ndi 400 pa lita, ndipo imaposa pamenepo kumene anthu amagwiritsa ntchito madzi ochepa. Madzi a mumtsinje waukhondo amakhala ndi BOD ya mamiligalamu awiri kapena kucheperapo. Kuti tione kukula kwa vutoli, tikumbukire kuti madzi sasunga okosijeni wambiri: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu 9 okha m'malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera ngati Mzuzu imasunga pafupifupi 8. Nsomba zambiri zimayamba kuvutika okosijeniyo akatsika pansi pa mamiligalamu asanu. Mtsinje umene okosijeni wathamo umada bii, pansi pake pamadzaza matope akuda oterera, ndipo fungo lake la mazira owola limamveka munthu akadali patali.

Milingo imene imatsatidwa m'dziko muno imati madzi otayidwa mumtsinje asapitirire mamiligalamu 20 a BOD pa lita, mamiligalamu 30 a tizinyalala toyandama m'madzi, ndi mamiligalamu 60 a COD, umene ndi muyezo wina wofanana ndi BOD koma wochitidwa ndi mankhwala m'maola ochepa, ndipo umawerengera ngakhale zinthu zimene tizilombo sitingathe kudya.

Manambala 20 ndi 30 ali ndi mbiri imene ndi yofunika kuidziwa, chifukwa m'mbiriyo ndi momwe muli mutu wa nkhani yonseyi. Anachokera ku Britain, kumene bungwe lofufuza lotchedwa Royal Commission on Sewage Disposal linawapereka mu lipoti lake la 1912. Bungwelo silinanene kuti madzi okhala ndi BOD ya 20 ndi abwino paokha. Linanena kuti madzi otere akasakanikirana ndi madzi aukhondo a mumtsinje ochuluka kasanu ndi katatu kuposa iwowo, BOD ya mtsinjewo sidzapitirira mamiligalamu anayi, ndipo mtsinje udzakhalabe wamoyo. Kumene mtsinje unali wochepa kuposa pamenepo, bungwelo linkayembekezera kuti mlingo ukhwimitsidwe. M'kupita kwa zaka mayiko ambiri anatenga manambalawo n'kuwalemba m'malamulo awo, koma chiganizo chonena za kuchuluka kwa madzi a mumtsinje chinkaiwalika. Mchere wodzaza dzanja ukathiridwa mumgolo wa madzi sumveka pakamwa, koma mchere womwewo mundowa yaing'ono umachititsa madziwo kusamweka.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekezera. Tinene kuti malo oyeretsera amatulutsa malita 2 miliyoni pa tsiku, ndipo madziwo ali ndi BOD ya 20 ndendende. Ndiye kuti mtsinje umalandira makilogalamu 40 a BOD tsiku lililonse. Tinenenso kuti m'mwezi wa Okutobala mtsinjewo umayenda ndi malita 16 miliyoni pa tsiku, okhala ndi BOD ya 2. Zikasakanikirana, BOD ya mtsinje imakhala 4, monga momwe a 1912 anawerengera. Tsopano malowo akulitsidwa kasanu, ndipo akutulutsa malita 10 miliyoni pa tsiku. Madzi otulukawo akadali pa 20, lipoti lililonse la labotale likusonyeza kuti lamulo likutsatidwa, koma mtsinje ukulandira makilogalamu 200 pa tsiku, ndipo popeza mtsinjewo sunakule, BOD yake yakwera kufika pafupifupi 9. Kuti mtsinje ukhalebe pa 4, madzi otuluka m'malo okulitsidwawo ayenera kutsika kufika pafupifupi mamiligalamu 7 pa lita. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa kukulitsa malo oyeretsera ndi kungowakonza: chilolezo chimene chikungotchula mamiligalamu pa lita, osatchula makilogalamu pa tsiku ndi kuchuluka kwa madzi ololedwa kutuluka, chikhoza kutsatidwa mokhulupirika pamene mtsinje ukufa.

Ena anganene kuti uve umenewo unkafikabe kumtsinje ngakhale malowo asanakulitsidwe, kudzera m'zimbudzi zosefukira za m'madambo a ku Chibavi ndi ku Ching'ambo, kumene madzi apansi ali pafupi kwambiri, komanso kudzera mwa opopa zimbudzi amene amataya m'tchire pothawa mtunda wautali. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake kumanga suweji n'kofunika. Koma mapaipi amasonkhanitsa uve wa mzinda wonse, umene kale unkamwazikana ndi kusefedwa pang'ono ndi nthaka, n'kuutulutsira pakamwa pa paipi imodzi. Madera a m'tauni amapindula, ndipo amene amanyamula zotsatira zake ndi okhala kumunsi kwa paipiyo.

Kwa Mzuzu, kumunsiko kuli anthu enieni. Mtsinje wa Lunyangwa, umene umalandira madzi a mbali yaikulu ya mzindawu, umatsikira chaku Ekwendeni n'kukalowa mu Kasitu, Kasitu amakalowa mu South Rukuru, ndipo South Rukuru amakathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Rumphi. M'mphepete mwa mitsinjeyi muli madimba a mpiru, tchaina, tomato ndi chimanga chachiwisi, ndipo zambiri mwa zimenezi zimabwereranso kudzagulitsidwa m'misika ya mumzinda momwemu. Amayi amachapira momwemo, ana amasamba, ng'ombe zimamwa. Damu la Lunyangwa lili kumtunda kwa mzinda, kutanthauza kuti madzi amene mzinda umamwa amachotsedwa mumtsinje womwewo umene ungayembekezeredwe kusungunula zotayidwa. Mzinda ukamakula umatunga ambiri kumtunda n'kumataya ambiri kumunsi, ndipo m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, pamene mtsinje waphwera ndipo alimi a m'madimba akuthirira kwambiri, gawo lalikulu la madzi oyenda kumunsi kwa paipi likhoza kukhala lochokera ku suweji. Ndikuona kuti mlingo uliwonse woikidwa popanda kuyeza kayendedwe ka mtsinje m'miyezi imeneyi ndi wongoganizira, ngakhale utalembedwa papepala la boma.

BOD sinena chilichonse chokhudza matenda. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, BOD yake yotsika, koma ali ndi tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi, komanso mazira a njoka zam'mimba. Pa chifukwa chimenechi pamakhala mlingo wina wa tizilombo topezeka m'ndowe, monga E. coli, timene timawerengedwa pa mamililita 100 a madzi. Suweji yosayeretsedwa imakhala nato mamiliyoni ambiri pa muyezo umenewu. Malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 1989 anati madzi othirira mbewu zodyedwa zosaphika asapitirire tizilombo 1,000 pa mamililita 100, ndiponso asakhale ndi mazira a njoka zam'mimba oposa limodzi pa lita. Kuchoka pa mamiliyoni khumi kufika pa 1,000 kumafuna kuchotsa magawo 99.99 pa 100 alionse, choncho malo amene akudzitama kuti amachotsa 99 pa 100 amatulutsabe tizilombo 100,000. Dziko limene linataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 silingaone nambala imeneyi ngati yongowonjezera. Kuthira klorini pomaliza kumapha tizilombo tambiri, koma klorini wotsala amaphanso nsomba, sapha mazira a njoka zam'mimba mokwanira, ndipo amafunika kugulidwa mwezi ndi mwezi popanda kudumphitsa.

Palinso nayitirojeni ndi fosifolasi, zomwe alimi amazidziwa bwino chifukwa ndi zimene zili m'feteleza. Mu suweji zimachokera mumkodzo, m'ndowe ndi mu sopo wina wochapira. Nayitirojeni wambiri amatuluka ngati amoniya, amene amapha nsomba ngakhale atachepa, ndipo ukali wake umakula madzi akafunda komanso pH yake ikakwera (pH ndi muyezo umene umakwera asidi akachepa m'madzi). Amoniyayo akamasanduka nayitireti (mtundu wina wa nayitirojeni) mumtsinje, miligalamu imodzi ya nayitirojeni imadya pafupifupi mamiligalamu anayi ndi theka a okosijeni, kotero kuti mtsinje ukhoza kubanika ngakhale BOD ili m'malire. Fosifolasi ndi nayitirojeni akachuluka, ndere ndi zomera za m'madzi zimakula mosaletseka, ndipo aliyense amene anaonapo namasupuni atatseka mtsinje wa Shire akudziwa momwe zimenezi zimavutira kuzibweza zikayamba. Mayiko a European Union, pa lamulo lawo la 1991, anaika kuti mizinda ikuluikulu yotayira m'madzi osachedwa kuonongeka isapitirire miligalamu imodzi ya fosifolasi ndi mamiligalamu 10 a nayitirojeni pa lita. Nyanja ya Malawi ndi yakuya ndipo madzi ake amasinthika pang'onopang'ono kwambiri, choncho chimene chalowamo chimakhalitsa.

Komabe, sibwino kuganiza kuti mlingo wokhwima kwambiri ndiwo wabwino nthawi zonse, chifukwa nambala iliyonse imasankhiratu mtundu wa malo oyeretsera ndi mtengo wowayendetsera. Njira yodziwika kwambiri m'dziko muno, imene imagwiritsidwanso ntchito ku Kauma mu Lilongwe, ndi ya maiwe otsatizana. Dziwe loyamba limakhala lakuya mamita awiri kufika asanu, ndipo m'menemo zolemera zimadikha n'kuwola popanda okosijeni. Lachiwiri ndi losaya, ndipo ndere zimene zimameramo zimapanga okosijeni ndi kuwala kwa dzuwa. Maiwe omaliza ndi osaya kwambiri, ndipo ntchito yawo ndi kupha tizilombo ta matenda ndi dzuwa komanso nthawi. Maiwe safuna magetsi ambiri, sakhala ndi makina ambiri ofuna zipangizo zakunja, ndipo akapatsidwa masabata okwanira amachotsa tizilombo ndi mazira a njoka zam'mimba kuposa makina ambiri amakono. Vuto lawo ndi malo. Tizilombo todya uve timagwira ntchito pang'onopang'ono kukazizira, ndipo akatswiri amawerengera kukula kwa dziwe potengera mwezi wozizira kwambiri pachaka. Mzuzu ya mu Juni ndi Julayi, ndi chifunga chake ndi mvula yowaza, imafuna maiwe otambalala kuposa amene angakwanire ku Karonga kapena ku Nsanje pa chiwerengero chofanana cha anthu.

Maiwe ali ndi vuto linanso limene limasokoneza kawerengedwe. Madzi otuluka m'dziwe logwira bwino ntchito amakhala obiriwira ndi ndere, ndipo nderezo zimawerengedwa ngati BOD komanso ngati tizinyalala toyandama, ngakhale kuti si ndowe. N'chifukwa chake lamulo la ku Ulaya lija limalola kuti madzi a m'maiwe asefedwe asanayezedwe BOD, ndipo limalola zoyandama kufika mamiligalamu 150 pa lita. Chilolezo cha ku Mzuzu chiyenera kunena poyera ngati chikunena za madzi osefedwa kapena osasefedwa, apo ayi mkangano wa pakati pa oyendetsa malowo ndi oyendera sudzatha. Koma kusefa papepala sikuchotsa ndere mumtsinje. Kumene mtsinje uli wochepa, nderezo zimafa n'kuwola, ndiye kuti pangafunike kuwonjezera sefa ya miyala kapena dambo lochita kupanga lobzalidwa bango, kuti madzi adutsemo asanafike kumtsinje.

Makina opemerera mpweya m'matanki amatha kufikitsa BOD pansi pa 10 ndi kuchotsa amoniya pamalo ochepa, koma moyo wawo uli pa magetsi. Magetsi akathima kwa maola ambiri popanda jenereta ndi mafuta ake, tizilombo ta m'matankimo timafooka, ndipo pamatenga masiku kuti tibwerere mwakale. Malo otere akafa amatulutsa madzi oipa kuposa dziwe losasamalidwa, chifukwa suweji imangodutsamo m'maola ochepa. Ine ndimakhulupirira kuti kwa mzinda ngati uno ndi bwino kuika mlingo umene maiwe okwanira bwino, ophatikizidwa ndi sefa kapena dambo, angaukwaniritse chaka chonse, n'kulemba m'chilolezo momwemo zaka zimene mlingowo udzakhwimitsidwe pamene madzi otuluka akuchuluka, kusiyana ndi kulemba nambala yokongola imene idzaphwanyidwa kuyambira mwezi woyamba aliyense n'kuzolowera. N'zothekanso kuika milingo iwiri, wokhwima wa chilimwe ndi wofewerapo wa dzinja, kapena kusunga madzi otulukawo m'miyezi youma n'kuthirira nawo mitengo ndi msipu m'malo mowatayira mumtsinje.

Zolowa nazo zimafunika malire. Matope opopedwa m'zimbudzi ndi okhathamira kwambiri kuposa suweji ya m'mapaipi, BOD yake imafika masauzande, ndipo amabwera ndi mchenga, nsanza ndi mapulasitiki. Galimoto zochepa zokha zikakhuthulira m'dziwe limene linapangidwira suweji yamadzimadzi, dziwelo limalemedwa, ndere zimafa, ndipo limayamba kununkha. Mumzinda umene ambiri adzakhalabe akudalira zimbudzi zokumba kwa zaka zambiri, malo olandirira ndi kuumitsira matopewa ayenera kukhala paokha, ndipo madzi okha otsalawo ndiwo azilowa m'maiwe. Chimodzimodzinso mafakitale a ku Luwinga, magalaja, malo ophera nyama ndi zipatala: oilo, magazi, mankhwala ndi zitsulo monga mtovu ndi chromium siziyenera kulowa m'paipi ya mzinda zisanachepetsedwe komwe zikuchokera, pakuti maiwe sanapangidwire zimenezo. Mvula nayo, imene kuno imagwa yambiri ndi kupitirira mpaka Epulo kapena Meyi, imalowa m'mapaipi kudzera m'zivundikiro zosweka ndi m'mipope ya padenga yolumikizidwa mozemba, n'kukankha suweji kuti ituluke m'maiwe nthawi yake isanakwane.

Mlingo umakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati ukuyezedwa moyenera. Suweji ya m'mawa, anthu akamasamba ndi kukonzekera ntchito, imasiyana ndi ya pakati pa usiku, ndipo madzi a m'dziwe amakhala ndi okosijeni wambiri ndi pH yokwera masana koma m'bandakucha okosijeniyo amakhala atatsika kwambiri. Botolo limodzi lotungidwa masana kamodzi pa miyezi itatu silinena zoona za malowo. Chilolezo chabwino chimatchula malo enieni otungira, kangati pamwezi, ndiponso ngati madziwo azitungidwa pang'onopang'ono kwa maola 24 n'kusakanizidwa. Chimatchulanso mlingo wa avereji ya mwezi pambali pa mlingo umene suyenera kupitiriridwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimalamula kuti mtsinje uziyezedwa kumtunda ndi kumunsi kwa paipi. Madzi oyezedwa BOD ndi tizilombo amafunika kusungidwa pozizira ndi kufika ku labotale m'maola ochepa, choncho luso loyezera liyenera kupezeka mu Mzuzu momwemuno. Sikoyenera kuti woyendetsa malowo akhale yekha wodziyeza, ndipo zotsatira ziyenera kufika kwa makhansala, mafumu ndi makomiti a alimi a kumunsi m'chilankhulo chimene amamva, Chitumbuka ndi Chichewa chomwe.

Nthawi imene anthu wamba ali ndi mwayi wolankhulapo ndi ya kauniuni wa zachilengedwe, pamene lamulo limafuna kuti okhudzidwa afunsidwe maganizo. Pamisonkhano yotere nkhani imathera pa chipukuta misozi cha malo ndi pa ntchito zimene achinyamata adzalembedwe, zomwe ndi zofunika ndithu, koma mafunso a madzi ayeneranso kufunsidwa: malita angati adzatuluka pa tsiku lero ndi zaka makumi awiri zikubwerazi, mtsinje umayenda ndi madzi ochuluka bwanji pa mwezi wouma kwambiri, makilogalamu angati a BOD, amoniya ndi fosifolasi adzaloledwa, ndipo ndalama zochotsera matope m'maiwe ndi zolipirira labotale zidzachokera kuti. Funso lachiwirilo silingayankhidwe ndi ulendo umodzi wa akatswiri, popeza pamafunika miyezo ya zilimwe zingapo, kuphatikizapo chaka cha chilala. Kuyeza Lunyangwa ndi timitsinje tolowamo kuyenera kuyamba mapulani asanajambulidwe, ndipo malo okwanira maiwe owonjezera ayenera kusungidwa panopa, mapuloti asanagawidwe pamenepo, chifukwa dziwe lomaliza lopha tizilombo ndilo limayamba kuchotsedwa pa pulani malo akachepa.